Ulendo wa ku Chainda, Kumene Munda ndi Thumba la Unga

Munthu wocokera pakati pa mzinda wa Lusaka akafuna kufika ku Chainda atsata mseu waukulu wa Great East Road kuloza kum'mawa kufikira ku Chelstone, ndipo kumeneko apatuka nalowa m'komboni. Kufupi ndi njirayo kuli sukulu ya Natural Resources Development College, kumene alangizi ambiri a zaulimi a dziko lino anaphunzira nchito yao. Ici ndico cinandicititsa kuyenda m'Chainda ndi funso limodzi mumtima: kodi ulimi watsopano umene alangiziwo anafalitsa unabweretsa ciani m'mbale ya munthu wa m'komboni?

Ndinafika m'mawa, azimai akuyala malonda ao pamsika. Panali repu, kabici, matimati, anyezi, impwa ndi cibwabwa. Pa tuntemba panali timapepala ta unga tochedwa pamela, togula banja limene silikwanitsa thumba la makilogalamu 25. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna unga wa mapira kapena wa mawere, koma ponseponse maso anga anakumana ndi cimanga cokha.

Sizinali tero kale. Makolo m'zigawo zambiri za Zambia anali kudalira mapira, mawere ndi cinangwa, ndipo cimanga cinali mbeu imodzi pakati pa zinzake. Zinthu zinayamba kusintha pamene migodi ndi mizinda inakula, pakuti anchito ambirimbiri anafunika cakudya cosabvuta kugaya ndi kunyamula. M'caka ca 1960 ku Southern Rhodesia kunatuluka mbeu ya haibulidi ya SR52, imene inabereka kopambana ikapatsidwa fataleza. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linafuna kuti mlimi wamng'ono nayenso alawe phindu limeneli. Bungwe la NAMBOARD linakhazikitsidwa mu 1969 kuti lizigula cimanga ndi kufikitsa fataleza kumidzi. Pambuyo pace kunabwera dongosolo la Lima, lophunzitsa mlimi kusamala bwino munda wa gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndipo akatswiri a ku Mount Makulu anatulutsa mbeu zathuzathu monga MM603 ndi MM604.

Zokolola zinaculuka ndithu, ndipo anthu a m'mizinda anadya unga wotsika mtengo cifukwa Boma linali kulipirako. Koma mbeu zina zinaiwalika, dziko nkutsamira pa phesi limodzi. Pamene mtengo wa unga unakwezedwa, kunabuka zipolowe ku Copperbelt mu December 1986 ndiponso mu Lusaka mu June 1990. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo lamulo la mu 1995 linakhazikitsa Food Reserve Agency. Kuyambira mu 2002 Boma linabwezanso thandizo la fataleza ndi mbeu kwa alimi ang'onoang'ono, thandizo limene lero tilidziwa ndi dzina lakuti FISP.

Cilala ca mu 2024 cinaonetsa poyera kuopsa kwa kudalira mbeu imodzi. Pa 29 February caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lili pa tsoka, ndipo zokolola za cimanga zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kucokera pa oposa 3 miliyoni a caka capambuyo. Munda ukapsa ku Chongwe kapena ku Petauke, njala imabwera kudzagogoda pa citseko ca ku Chainda.

Komabe wa m'komboni sanataye khasu. Kuseri kwa nyumba zina ndinaona timizere ta ndiwo tothirira ndi madzi otsukira mbale, ndipo m'dzinja malo alionse opanda nyumba amadzalidwa cimanga ndi maungu. Cobvuta ncakuti malo otero acepa caka ndi caka, popeza pamene panali mizere lero paima zipupa za mabuloko.

Pobwerera madzulo ndinadutsanso pafupi ndi sukulu ya alangizi ija. Ophunzira ace akapita kumidzi, akumbukire amai a pamsika wa Chainda. Mlimi amene adzala soya, nshawa, nyemba, cinangwa ndi mapira pambali pa cimanga sateteza nkhokwe yace yokha ai. Atetezanso poto wa banja la m'komboni limene iye sadzaliona konse.