Kale nkhani inkagona pabwalo, lero imathera papepala

Ukayenda kumadzulo kwa Lilongwe, kudutsa Chitedze, Mpingu, Msundwe mpaka pa Namitete, kapena kulowera cha ku Nsaru ndi kwa Kabudula, umaona misewu ya fumbi yowongoka bwino, ngalande zakale m'minda ndi zigoba za misika ya ADMARC. Zambiri mwa zimenezi zinabwera ndi pulojekiti ya Lilongwe Land Development Programme, yomwe inayamba mu 1968 ndi ngongole ya ku World Bank. Akuluakulu a kuno amaikumbuka ndi mtima wofewa, ndipo ali ndi chifukwa: inabweretsa mijigo, alangizi oyenda panjinga, feteleza wa ngongole ndi msika wapafupi wa chimanga, mtedza ndi fodya.

Sindinganene kuti anthu anafunsidwa za komwe msewu udutse. Sanafunsidwe. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo m'makomiti a chitukuko a pa boma mawu a tcheyamani wa Kongeresi ankalemera kuposa a mudzi wonse. Munthu woimika dzanja n'kunena kuti sakufuna ankadziwa kuti usiku umenewo sagona tulo.

Komabe panali ntchito imodzi imene boma silikanatha kuichita lili muofesi. Malamulo a malo a mu 1967 analola kuti minda ya makolo ilembedwe m'kaundula, ndipo kuno ku Lilongwe ya kumadzulo ndi kumene anayambira, mwa dongosolo lomwe anthu amalitcha ndunda. Woyeza malo akafika pamudzi sankadziwa chilichonse. Amene ankadziwa anali amfumu ndi nyakwawa zawo, eni mbumba, ndiponso agogo aakazi aja amene analima mundawo chikhalire. Tsono khamu lonse linkanyamuka n'kumayenda m'malire. Apa pa chulu ndi pamene pathera pa akuBanda. Mtengo wa msuku uwo ndi wa mbumba ya aNaphiri. Kutsetserekera kudamboko ndi msipu wa ng'ombe za mudzi wonse, palibe wolemba dzina lake. Msitu uwo ndi manda, wina asayerekeze. Wina akanama, mnzake wa m'malire ankamutsutsa pomwepo, mapazi onse ali pamalo okanganiranawo, ndipo chikhomo sichinkakhomedwa mpaka mkangano utatha.

Ndunda inali ndi chilema chake. M'kaundula munkalowa dzina la munthu mmodzi woimira banja, kawirikawiri mtsibweni. Patapita zaka ena mwa iwo anayamba kuona ngati mundawo ndi wawo, pomwe pa chikamwini chathu nthaka imayenda ndi amayi ndi ana awo aakazi. Milandu yotere ilipobe m'mabwalo a mafumu. Koma tsiku loyenda m'malire lija linali tsiku limene mlimi wosadziwa kulemba ankaphunzitsa munthu wa boma, wa bomayo n'kumalemba zimene wauzidwa.

Pabwalo napo nkhani zinali ndi kayendedwe kake. Nyakwawa inkalengeza madzulo mudzi uli phee, kuti mawa kapena mkuja tikumane pansi pa kachere. Munthu ankayamba wawomba m'manja, "Zikomo mfumu," kenaka n'kutula zakukhosi. Amfumu ankayankhula pomaliza, atamva onse. Ndipo nkhani ikavuta ankati igone. Kugona kwa nkhani kunali ndi phindu, chifukwa usiku umenewo amayi amene sanayankhule pagulu ankayankhula m'nyumba ndi alongo awo, ndipo m'mawa mwake mwini mbumba ankabwera ndi maganizo ena. Sukulu zambiri za kuno zinamangidwa chonchi: mudzi uwu uumbe njerwa, uwo utute mchenga, ana a sukulu akonze msewu pa Sabata ya Achinyamata. Ngakhale MASAF itabwera m'zaka za m'ma 1990, inapeza mwambo umenewu ukadali wamoyo ndipo inatsamira pomwepo.

Lero papepala tili ndi ufulu woposa umene makolo athu anaulota. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu zimati chitukuko chiyambire pansi. Kwa gulupu aliyense kuli komiti ya VDC, kwa mfumu yaikulu monga Kalolo, Kabudula kapena Khongoni kuli ADC, ndipo zofuna za midzi ziyenera kukwera makwerero amenewa mpaka kulowa m'pulani ya khonsolo ya boma la Lilongwe. Dongosololi ndi labwino, ndipo ndimalemekeza anthu amene amaligwirira ntchito popanda malipiro, kupalasa njinga mtunda wautali kukakhala pamsonkhano.

Vuto n'lakuti makwererowo anathyoledwa asanalimbe. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda khansala mpaka chisankho cha mu 2014. M'zaka zomwezo munabadwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, ndipo mu 2010 aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo. Anthu si opusa, amaona kumene kukuchokera simenti. Anaphunzira kuti ukafuna mlatho usataye nthawi ndi komiti, ukadikire galimoto ya olemekezeka pamaliro. Mu 2025 khoti linagamula, pa mlandu womwe bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, kuti aphungu sayenera kuvota m'khonsolo kapena kuyendetsa thumbalo. Chigamulocho n'chofunika, koma chizolowezi cha zaka pafupifupi makumi awiri sichichoka m'mitima ndi tsiku limodzi la kukhoti.

Nanga misonkhano yofunsa maganizo a anthu imayenda bwanji masiku ano? Uthenga umabwera pafoni dzulo lake. Malo ndi holo ya pa tauni yaing'ono, osati pamudzi. Oitanidwa ndi amfumu, wapampando wa komiti, mlembi, mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi kuti chiwerengero chioneke bwino. Pepala la mayina limayamba kuzungulira nkhani isanayambe. Alendo amafotokoza zimene akonza kale, amafunsa ngati pali funso, anthu amalandira botolo la chakumwa ndi ya thiransipoti, dzuwa lisanapendeke galimoto yabwerera ku tauni. Mu lipoti mudzalembedwa kuti anthu a m'deralo anavomereza. Palibe amene wanama kwenikweni, koma nkhaniyo sinagone, ndipo gogo wodziwa kumene madzi amasefukira mu Febuluwale sanamve n'komwe kuti kunali msonkhano. Mndandanda wa zosowa umene VDC imalemba chaka ndi chaka, mjigo, nyumba ya mphunzitsi, chikuta cha amayi oyembekezera, umapita kumtunda, yankho lake osabwerera. Anthu akadauzidwa kuti chaka chino ndalama zapita kwa anzanu a ku Nambuma chifukwa mlatho wawo unakokoloka, akadamvetsa. Chimene chimafooketsa ndi kukhala chete.

Izi zikundidetsa nkhawa tsopano kuposa kale chifukwa nthaka ya kuno yayamba kufunidwa ndi anthu a ndalama zambiri. Cha ku Njewa ndi Mpingu mzinda ukukwawa, minda ikudulidwa maploti. Ndipo ku Kasiya kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza miyala ya rutile ndi graphite, yomwe akuti rutile wake ndi wochuluka kuposa kwina kulikonse kumene wapezekapo padziko. Mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulamo masheya. Rutile amapangira titanium ndi utoto woyera, graphite amalowa m'mabatire. Chumachi chili pafupi, m'dothi lomwelo limene timabzalamo chimanga ndi soya, ndiye kuti kuchikumba n'kufukula minda. Kampaniyo inayesa kukumba malo ochepa, kukwirira n'kubzalapo mbewu, pofuna kuonetsa kuti nthaka imabwerera. Ndi chiyambi chabwino, ndipo ine sindili m'gulu la okana mgodi. Achinyamata athu atopa ndi kabaza ndi maulendo a ku Joni.

Malamulo otiteteza alipo. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 limafuna kafukufuku wa mmene ntchito yaikulu ikhudzire anthu ndi malo, ndipo anthu ayenera kumvedwa. Lamulo la migodi limafuna kuti mgodi waukulu ukhale ndi pangano la chitukuko ndi anthu ozungulira. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsa makomiti a malo momwe theka la osankhidwa ayenera kukhala amayi. Koma lipoti la kafukufuku wotere, la masamba mazanamazana la m'Chingerezi, losungidwa muofesi ku Lilongwe, silingayankhe mafunso amene ali pakamwa pa anthu. Manda adzasamutsidwa ndi yani, ndipo dambwe lidzapita kuti? Dimba la m'dambo, limene limadyetsa banja chimanga chikatha m'nkhokwe, adzaliwerengera mtengo wanji? Chipukuta misozi adzalandira ndi mtsibweni amene dzina lake lili papepala, kapena mlongo wake amene amalima mundawo? Madzi otsukira dothi adzachokera kuti, nanga mijigo yathu siiphwa?

Makhansala amene tinawasankha pa 16 Seputembala 2025 ali ndi mphamvu yopempha kuti malipoti amenewa, pamodzi ndi pulani ya khonsolo, awerengedwe m'Chichewa kwa gulupu aliyense wokhudzidwa, anthu atakolola, pamene amayi ali ndi mpata wokhala pansi. Owerengawo akamaliza achoke, abwerenso patatha sabata kudzamva yankho, ndipo pepala la mayina lisainidwe tsiku lachiwirilo.