Depoti ya Pamwamba pa Msewu

Msewu waukulu ukadutsa pakati pa mzinda umafanana ndi mtsinje wodzaza. Umathandiza a ulendo wautali, koma umalekanitsa anthu amene kale ankapemphana moto. Izi n'zimene zidachitika m'dera la Washington Heights mumzinda wa New York ku America. Pofuna kuti magalimoto ochokera pa mlatho wa George Washington azidutsa osaima, bungwe la Port Authority lidagumula nyumba zambiri n'kukumba msewu wakuya wotchedwa Trans-Manhattan Expressway. Msewuwo udatsegulidwa mu 1962, mabanja ochuluka atasamutsidwa.

Nanga munthu wopanda galimoto akadapindulanji ndi chidzenje choterechi? Yankho lidapezeka pamwamba pa msewu womwewo. Mu 1963 padatsegulidwa depoti ya mabasi yokhazikika pa nsanamira, magalimoto akuthamanga pansi pake. Lerolino wantchito wochokera ku New Jersey, kutsidya la mtsinje wa Hudson, amatsika basi pamenepo n'kuyenda pang'ono kukakwera sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya 175th Street. Motero amafika pakati pa mzinda popanda kuvutika ndi kofuna poimika galimoto.

Amene adajambula depotiyi ndi Pier Luigi Nervi, katswiri wa zomangamanga wa ku Italy. Iyeyu adadziwa kuti wodikira basi amafunikanso kupuma mpweya wabwino. N'chifukwa chake denga adalipanga ndi zigawo 26 za konkire, za ngodya zitatu, ndipo 14 mwa izo adazitukula kuti utsi wa mabasi uzitulukira m'mipatamo.

Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope. Chakum'mawa kwa depotiyi, pamwamba pa msewu womwewo, padamangidwanso nyumba zogona zinayi za nsanjika 32 iliyonse. Okhalamo adapeza pogona pafupi ndi basi ndi sitima, koma phokoso la malole ndi utsi wokwera kuchokera pansi zimawapeza usana ndi usiku.

Pamsewu umodzi pali maphunziro awiri. Malo a pamwamba pa msewu angathe kubwezera anthu zina mwa zimene msewuwo udawalanda. Koma poti wodikira basi amachoka pakapita mphindi zochepa, pamene mwana wa m'nyumba zija amakulira pomwepo, mmisiri wanzeru asamangowerenga magalimoto. Ayambe wafunsa kuti adzapume mpweya wa pamalopo ndani, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji.