Mtsempha umene sitinkaudziwa

Kwathu ku Kachebere, m'malire a Malawi ndi Zambia, ana tidawalera ndi lamulo loti m'mawa uliwonse azimwa makapu awiri a madzi. Tsono tidadabwa mnyamata wathu wa zaka 12 atayamba kukana. Ankati akamwa madzi ambiri, m'nthiti cha kumanzere mumamupweteka mpaka kusanza. Ife tinkayesa ndi njomba zothawira sukulu, ndipo tinkamukakamiza.

Ululu utanyanya, tidawoloka malire kupita ku Mwami, chipatala cha mpingo wathu chomwe chidayamba mu 1927. Sikani ya pamimba idaonetsa impso yotupa ndi mkodzo wosowa potulukira. Ulendo wofuna opaleshoni udatifikitsa ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100.

Kumeneko adokotala adati asanagwire mpeni akufuna chithunzi china, cha mitsempha ya magazi, chojambula ndi makina a CT. Mumtima tidadandaula. Mtedza tidali titagulitsa kale, nanga vuto si lidaoneka pa sikani yoyamba ija?

Adatikhazika pansi n'kutijambulira papepala. Anthu ena amabadwa ndi mtsempha wowonjezera wopita kumunsi kwa impso. Nthawi zina umadutsa pamwamba pa kanjira kotsitsira mkodzo ku chikhodzodzo n'kukapana, monga muzu umapanira paipi. Madzi akachuluka, impso imadzaza msanga n'kuyamba kupweteka. Mtsemphawo ukadulidwa mwangozi, magazi amatayika, ndipo mbali ya impso imene umadyetsa imafa.

Atamuyeza magazi kuti aone mphamvu ya impso, adamubaya mankhwala oonetsa mitsempha pa chithunzi. Mtsempha uja udaonekadi, utapingasa pomwe mkodzo unkatsekeka. Pa opaleshoni sadaukhudze: adadula kanjirako n'kukalumikiza kutsogolo kwake. Njira yodula ndi kulumikizayi adayifotokoza madokotala a ku England, Anderson ndi Hynes, mu 1949.

Tili pabenchi kudikira ndi kupemphera, tidaona kulakwa kwathu. Adokotala adakana kudula asanaone, koma ife tidaweruza mwana wathu tisanamumvetsere. Madzi ndi abwino ndithu, ndipo tikumwabe, koma mwana akati akumupweteka, makolo anzathu, pitani naye akamuone.

Sabata loyamba atatuluka m'chipatala, tisanayambe mapemphero a m'mawa, tidamupepesa pamaso pa azing'ono ake. Iye adangomwetulira, n'kutenga kapu yake yekha.