Kukaona Blantyre m'dzinja n'kotheka

Ife a kumudzi tikamapita m'tauni, kawirikawiri kumakhala kuti kwagwa zovuta, tili ndi wodwala kuchipatala, kapena tikulondola mapepala ku ofesi. Kunyamuka n'cholinga chongokaona malo timakutenga ngati kwa azungu ndi anthu a ndalama. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Ntchisi, ndipo chaka chilichonse ndimauza ana za Blantyre Mission, kampani ya African Lakes ndi John Chilembwe. Ana akandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inuyo munafikako?" ndimafuna yankho langa lizikhala la munthu amene anaona ndi maso ake. N'chifukwa chake tchuthi cha Disembala chino ine ndi mayi a kunyumba takonza zokakhala masiku anayi mumzinda wa Blantyre.

Anzanga a pantchito akuti ndasankha nthawi yolakwika. Zoona, alendo ochokera kunja amakonda kubwera pakati pa Meyi ndi Okutobala, kunja kuli kouma. Koma mphunzitsi sasankha tchuthi chake, ndipo dzinja lili ndi zabwino zake. Malo ogona alendo sadzaza, choncho munthu umatha kunenerera mtengo. Mapiri amakhala atavala msipu, mathithi atadzaza madzi, fumbi ndi utsi wa lupsa zitatha. Mango, chinanazi ndi bowa zimapezeka m'mbali mwa msewu pa mtengo wotsika. Chofunika n'kupewa sabata ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano pamene mitengo ya basi imakwera. Ife tidzanyamuka sukulu ikangotsekera.

Walira mvula walira matope, choncho dongosolo lathu lonse lamangidwa poganizira mvulayo. Kuno kwathu mvula yambiri imagwa masana dzuwa likapendeka. Ndiye lamulo ndi ili: za panja m'mawa, za pansi pa denga masana. Tsiku lililonse lili ndi malo awiri okha, osati asanu.

Tsiku loyamba ndi la mumzinda. Tidzayambira pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe sichili kutali ndi depoti ya Wenela. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, ndipo tchalitchichi chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzire za zomangamanga. Amene anaumba njerwa, kuziotcha ndi kuzisanja anali anthu akuda a dziko lino. Ndikufuna ndikagwire khoma limenelo kuti pobwerera ndikauze ana kuti manja a makolo awo anachita zotani. Mitambo ikayamba kuda tidzalowa mu Mandala House, nyumba ya m'mwamba yomwe a African Lakes anamanga mu 1882. Dzina loti Mandala linachokera pa magalasi a m'maso omwe ankavala John Moir, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo. Nthawi ikalola tidzamalizira ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, komwe panja pake paimikidwa mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi.

Tsiku lachiwiri ndi la Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 65, pa minibasi yokwerera ku Limbe. Zomba linali likulu la dziko lino kufikira 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo, komanso chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Pamwamba pa phiri pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi malo otchedwa Emperor's View, pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Koma m'dzinja nkhungu imatha kuphimba phirilo mwadzidzidzi, munthu n'kulipira galimoto yokwera pamwamba koma osaona kalikonse. Choncho tidzayang'ana phirilo tili m'munsi. Likakhala loyera tidzakwera nthawi yomweyo, likakhala lofunda tidzayenda m'tauni.

Tsiku lachitatu tidzalowera ku Mulanje kudzera ku Thyolo, chifukwa minda ya tiyi imakongola kwambiri nyengo imeneyi, pamene ntchito yothyola masamba ili pachimake. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, tidzangoiona patali ngati mitambo italola. Kukwera phirilo miyala ili yoterera ndi kuika moyo pachiswe. Ife tidzalekezera ku Likhubula, pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo tidzatenga wotiperekeza wa komweko. Safunsa anadya phula: mvula itha kugwa pamwamba pa phiri, mtsinje n'kudzaza m'munsi kunja kukuwala.

Tsiku lachinayi ndalisiya lopanda chochita. Mvula ikatilanda tsiku lina, limeneli lidzalowa m'malo. Zonse zikayenda bwino, tidzapita ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, komwe Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma la atsamunda. Nkhope yake timaiona pa K2,000 tsiku ndi tsiku, koma ndi angati mwa ife anaponda pamalopo?

Pali malo amene ndawachotsa dala. Majete ndi Lengwe ku Chikwawa ndi a chilimwe, chifukwa m'dzinja udzu umatalika, nyama zimamwazikana popeza madzi ali paliponse, ndipo chigwa cha Shire sichichedwa kusefukira. Sindikuiwalanso kuti namondwe wa Ana anafika mu Januwale 2022 ndipo wa Freddy anapha anthu ambiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. Tsiku lililonse tidzamvera pa wailesi uthenga wa a zanyengo, ndipo akachenjeza za namondwe ulendo udzathera pomwepo.

Pa nkhani ya ndalama, Disembala ndi mwezi wa feteleza wobereketsa ndipo Januwale ndi wa fizi. Ndinayamba kupatula pang'onopang'ono kuyambira Juni, ndipo zaulimi ndalipiriratu. Tidzagona malo amodzi pafupi ndi pokwerera minibasi m'malo mosamukasamuka ndi katundu. Ndalama yobwererera kunyumba idzakhala pa foni, yosakhudzidwa. M'chikwama muli ambulera, nsapato zolimba, chovala cha mphepo cha ku Zomba, pepala la pulasitiki lotetezera foni ndi neti ya udzudzu, poti ino ndi nyengo ya malungo.

Kwa aphunzitsi anzanga, anamwino ndi ena amene mpata wanu umagwera m'dzinja, sankhani mzinda umodzi ndi malo awiri kapena atatu oyandikana nawo. Funsani masiku ndi maola otsegulira musananyamuke, dzukani m'mamawa, ndipo muzikhala mutabwerera kogona kusanade.