Kope langa la girisi linakalowa mu laputopu ku Chibavi

Anyamata a padoko, ndi inu a ku Salima ndi Mangochi amene zolemba zanga zimakupezani zitafowadidwa, iyi ndi yaitali, pezani pokhala.

Mukukumbukira kumapeto kwa 2024 mafuta atasowa, mizere ya magalimoto ikugona pa filing'i? Kwa ife amakaniko inali nyengo yoipa. Injini ndikonze lero, mawa usiku yazima pakati pa nyanja, alovi n'kubwerera akupalasa, usipa osaupha. Bwana wina anandilalatira pagulu kuti ndimasiya dala vuto kuti azibweranso. Zinandiwawa, chifukwa ine sipanala ndinayamba kuigwira ndili Fomu 2, ndipo adada sanandiphunzitse kuba. Nthawi zambiri ndikatsegula kabureta ndinkapeza chinthu chimodzi, timadontho ta madzi pansi pa kambale. Ndiye mumtima ndinali nditaweruza kale kuti ndi mavenda a zigubu, akuthira madzi mu petulo. Ndinali ndi dzina lomwe m'mutu, mayi wina amene amagulitsa pafupi ndi mathandala.

Mu February 2025 ndinakwera minibasi kupita ku Mzuzu kukasaka impela ndi mapulagi a Yamaha Enduro 15. Wogulitsa anati katundu akadali m'njira kuchokera ku Dar es Salaam, ndidikire. Ndinakagona kwa msuweni wanga ku Chibavi, amene akuphunzira utolankhani ku MIJ komweko ku Mzuzu. Kuzizira kwa mzinda umene uja, aise, munthu wa kunyanja sugona. Ndiye usiku ndinkangomuonerera akulimbana ndi asaimenti pa laputopu. Anati ndi data journalism. Ine ndinaseka, poti data yomwe ndinkaidziwa ndi bandulo ya TNM.

Nditamufotokozera za mavenda, ndi kuti ndikufuna kulemba positi yowayalutsa, anandifunsa funso limodzi: "Umboni uli kuti?" Ndinatulutsa kope langa, lija lakuda ndi girisi limene ndimalembamo ngongole. Muli tsiku, mwini injini, vuto, ndalama. Pena ndinkalembanso komwe anagula mafuta, chifukwa ndinkawafunsa mokwiya. Iye analitsegula, n'kunena kuti iyi ndiye data, ungoti sunaitsuke.

Kutsukako ndi kumene kunatidyera masiku awiri. Mu Google Sheets, mzere uliwonse wopingasa ndi injini imodzi, mzere wotsika uliwonse ndi funso limodzi. Zikumveka zophweka. Koma ine vuto limodzimodzi ndinali nditalilemba m'njira zinayi: "kabu", "carb", "madzi", pena "yatsamwa". Kompyuta imaona ngati ndi mavuto anayi osiyana. Munthu mmodzi ndinamulemba dzina lake lenileni pena, dzina la boti lake pena. Masiku ena ndinangolemba "Lachitatu" opanda deti. Tinakonza chimodzichimodzi, ndipo pamene sindinkakumbukira anandiletsa kulota. Anati pasiye popanda kanthu, bokosi lopanda kanthu silinama. Maina a anthu tinawachotsa, m'malo mwake manambala.

Zinatuluka injini 63, kuyambira September mpaka January. Mwa izo, 38 zinali ndi madzi mu kabureta. Ndipo mwa 38 zimenezo, 31 eni ake ankagula kwa mavenda. Ndinadumpha. Ndinati waona, jambula graph titumize pompano.

Anajambuladi, mzati wautali wa mavenda, kamzati kakafupi ka pa filing'i. Inkaoneka bwino zedi. Kenako anandifunsa kuti, mwa makasitomala ako onse 63, angati amagula kwa mavenda? Tinawerenga, 51. A pa filing'i 12 okha, poti kwathu filing'i ili kutali ndipo nthawi imeneyo inali youma. Ndiye anati gawa. 31 mwa 51 ndi pafupifupi 6 pa 10 aliwonse. 7 mwa 12 ndi pafupifupi 6 pa 10 aliwonsenso. Chimodzimodzi. Mzati wa mavenda unatalika chifukwa choti anthu ambiri amagula kumeneko, basi.

Ndinakhala chete nthawi yaitali. Inu mukudziwa mmene gulu lathu limakhalira positi ikatentha. Chithunzi chija chikanazungulira madoko onse usiku umodzi, ndipo mmawa anyamata akanapita ku kachisakasa ka mayi uja. Ali ndi ana atatu, mwamuna wake anatsalira m'nyanja nthawi ya mwera. Ine ndikanati ndili ndi umboni, wa pa kompyuta.

Funso linatsala: nanga madziwo akuchokera kuti? Apa ndi pamene umakaniko unathandiza utolankhani, chifukwa msuweni wanga sadziwa kusiyanitsa pulagi ndi bawuti. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, wopangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Madzi akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi, ndipo paipi ya injini imayamwa pansi pomwepo. Tsopano taganizani zigubu zathu. Zivindikiro zinatayika kalekale, timatseka ndi jumbo ndi chitsononkho, chigubu chili m'boti usiku wonse, mafunde akuwaza, mvula ya ku Nkhata Bay ikugwa.

Tinaonjezera mzere wina wa funso, ndipo ndinagula mayunitsi n'kuyamba kuimbira eni injini mmodzimmodzi. Ndinawapeza 44. Amene zigubu zawo zilibe chivindikiro chenicheni anali 26, ndipo 22 mwa iwo injini zawo zinali ndi madzi. Amene amatseka bwino anali 18, a madzi 4 okha. Graph imeneyo sinafune kufotokozera, ngakhale agogo akanaimva.

Komabe msuweni anandikakamiza kulemba pansi pake kuti ndi injini 44 za makaniko mmodzi, doko limodzi, miyezi isanu, ndipo za zivindikirozo ndi zimene eni ake ananena pa foni. Ndinadandaula kuti zikufooketsa nkhani. Anati munthu amene akubisa komwe watenga manambala ake usamukhulupirire, ngakhale atavala tayi. Sindikunena kuti kulibe venda wachinyengo, alipo, ena amathira ndi parafini yemwe. Ndikunena kuti kope langa silinaonetse zimenezo.

Za zithunzi anandiphunzitsa tsiku lomaliza. Ine ndinkajambula injini yonse, chithunzi chosanena kanthu. Iye anati jambula chinthu chimodzi chimene ukufuna munthu aone. Tinathira petulo m'botolo loonekera, tinadonthezamo madzi, tinaliika pa zenera dzuwa likuwala kumbuyo. Mzere wolekanitsa unaoneka bwinobwino, petulo pamwamba, madzi pansi. Koma anati ulembe kuti ichi ndi chitsanzo chimene tapanga tokha, usanamize anthu kuti wachitenga kwa venda. Ndipo nkhope ya munthu osaijambula usanapemphe.

Chinanso chimene chinandisokoneza ndi pomwe graph imayambira. Ya mizati iyenera kuyambira pa ziro, apo ayi kusiyana kwakung'ono kumaoneka ngati phiri. Koma anandionetsa ya kukwera kwa nyanja mu 2024, pamene madzi anapyola mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere malinga ndi a National Water Resources Authority. Ukaiyambira pa ziro mzere umangogona ngati palibe chachitika, chonsecho tonse tinaona malo ogona alendo, mathandala ndi nyumba zikumira. Mita imodzi pa pepala ndi kanthu kakang'ono, pagombe ndi mudzi. Ndiye graph ya mzere ngati imeneyo umaiyandikitsa, koma manambala a m'mbali azioneka. Kuyambira tsiku limenelo, graph iliyonse imene andale amatifowadira ndimayamba ndayang'ana m'mbali ndi pansi.

Pena ndimaganiza kuti nkhani za kunyanja zimalembedwa ndi anthu obwera pa galimoto, kujambula bwato dzuwa likulowa, n'kubwerera ku tauni. Sindikuwanyoza, ulendo ndi wodula. Koma amene amadziwa mtengo wa ndowa ya usipa tsiku ndi tsiku ndi ife. Petulo atakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndani analemba kuti ulendo umodzi wa chilimira wayamba kudya zingati, ndipo mlovi akutsala ndi zingati? Mabwana ali nazo m'makope awo, zikudyedwa ndi mphemvu. Msuweni akuti palinso lamulo la Access to Information, linayamba kugwira ntchito mu September 2020, loti ngakhale ine wa MSCE ndingalembe kalata kupempha ziwerengero ku ofesi ya boma. Sindinayesebe, koma kalatayo tinailemba, ili mu foni.

Nditabwerera kunyumba ndinaonetsa adada graph ija. Anaiyang'ana, anaitembenuza foni, kenako anati: "Ndiye unapita mpaka ku Mzuzu kuti ukamve zoti chigubu chimafuna chivindikiro?" Amayi anaseka mpaka kutsamwa. Bwana amene anandilalatira uja sanapepese, koma sabata yotsatira ndinaona zigubu zake zonse zili ndi zivindikiro zatsopano. Mayi wa mafuta uja sadziwa chilichonse cha nkhaniyi, ndipo ndimamupatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso moti mwina amadabwa.

Tsopano ndikufuna thandizo lanu. Adada amati usipa umathawa nyali mwezi ukawala, tonse timadziwa, koma ndikufuna kuona kuti kutsikako ndi kochuluka bwanji ndiponso mtengo umakwera masiku angati pambuyo pake. Amene muli pa chilimira, makamaka inu asiginala, tsiku lililonse munditumizire ku inbox zinthu zinayi: deti, doko, ndowa zingati, mtengo wa ndowa. Munene kukula kwa ndowayo, chifukwa ya kwanu si ya kwathu. Tsiku limene simunaphe kanthu lembani 0, musadumphe. Tsiku limene simunapite lembani kuti sitinapite, n'zosiyana. Maina a mabwana anu sindikuwafuna. Tiyambe Lolemba likubwerali, tichite miyezi itatu.