Noti Imene Agogo Anaizindikira

Ndinakulira m'komboni ya esiteti ya tiyi ku Honde Valley, kufupi ndi Hauna. Agogo anga aakazi anachoka ku Mulanje ali mtsikana, kutsatira amuna awo, ndipo anathyola tiyi mpaka msana unapindika. Madzulo ankaimba mkangala, kauta ka bango kogwirira pakamwa. Chingwe n'chimodzi, koma akasintha kayasamulidwe, timawu tobisika m'chingwemo tinkatuluka.

Ine ndinasankha gitala. Nditapeza ntchito ku minda ya tiyi ya ku Chipinge, ndinadziwana ndi bambo wina wachikulire amene kale ankaimba jazi m'mahotela a ku Mutare. Tsiku lina tinkayeserera Take the A Train, nyimbo ya Billy Strayhorn imene gulu la Duke Ellington linajambula mu 1941. Nyimboyi ili mu C, koma pa bala yachitatu pamabwera D7. Ndikafika pamenepo chala chinkathamangira G, ndipo G ankalimbana ndi F# wa mu chord.

"Mwana wanga, suntha chalacho kamodzi kutsogolo," anatero. "G# ali kale m'nyimbomo, sukumumva?"

D, E, F#, G#, A, B, C. Imeneyi ndiyo Lydian dominant: noti yachinayi yokwezedwa, yachisanu ndi chiwiri yotsitsidwa. Manoti ake ndi omwewo a A melodic minor, kungoti mwayambira pa D. Bambo aja anati imakoma pa dominant yosabwerera molunjika ku chord ya kwawo, monga D7 ija imene imayamba yakhotera ku Dm7. Anatinso ena amaitcha overtone scale, chifukwa imayandikira timawu timene chingwe chimodzi chimatulutsa pachokha.

Pa Khirisimasi ndinapita ndi gitala kwa agogo n'kuwaimbira manotiwo pang'onopang'ono. Anasiya kusankha nyemba.

"Tabwereza pamenepo, mdzukulu wanga. Kumeneko n'kulira kwa mkangala."

Sindinawatsutse, ngakhale manoti a gitala safanana ndendende ndi a uta.

Ku Mulanje amatitcha matchona. Kuno chitupa cha agogo chinalembedwa kuti alien, ndipo manda awo ali kuseri kwa komboni ija. Mkangala wawo uli nane, koma sinditha kuuimba. Ndinkati n'choimbira cha akazi, choncho sindinawapemphe kuti andiphunzitse.

Masiku ano ndikafika pa D7 sindithamanganso. Ndimakhazikika pa G# mabala awiri onsewo, khutu lili tcheru.