Mphunzitsi Wanga Wosalankhula

Ine amene ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana ndinasandukanso mwana wa sukulu nditakula kale. Mphunzitsi wanga anali Rembrandt wa ku Holland, amene anamwalira m'chaka cha 1669. Ndinakumana naye m'buku momwe munali chithunzi cha nkhope yake, chimene anadzijambula ndi utoto wa mafuta m'chaka chomwecho, ali ndi zaka 63. Chithunzi chenichenicho chimasungidwa ku National Gallery mu London.

Chondikakamiza kuphunzira chinali ukalamba wa bambo anga, msodzi wa konkuno ku Nkhotakota. Zithunzi za pafoni zinalipo, koma m'menemo ankaoneka ngati mlendo wamantha, ndipo sindinafune kuti adzukulu adzawadziwe motero.

Miyezi itatu ndinakhala ndikutsanzira chithunzi cha mkuluyo, ndipo anandiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, nkhope imayambira mumdima: upake nsalu yonse utoto wofiirira ngati dothi, kuwala kudze pambuyo. Chachiwiri, pamthunzi utoto ukhale wopyapyala, koma pamphumi ndi pamphuno, pamene kuwala kwagwa, uunjikidwe. Chachitatu, chimene chili chachikulu, usamchotsere munthu zaka zake. Rembrandt anataya chuma chake, naika m'manda mkazi wake Saskia ndi mwana wake Titus; makwinya ndi maso otopa sanazibise.

Utoto wa mafuta umatenga masiku kuti uume, tsono waphuma sangauthe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi ya mwera, mabwato ali pamtunda, bambo ankakhala pakhonde m'mawa uliwonse akusoka ukonde, dzuwa likutuluka kutsidya kwa nyanja. Pamenepo ndinaona kuti khungu lathu si lakuda monga timanenera: muli kufiira kwa katondo, ndipo patsaya pamagwa kubiriwira kwa madzi. Zaka makumi anayi ndinali ndikuwayang'ana bambo, koma kuwaona ndinayamba chaka chimenecho.

Nditatsiriza ndinawapatsa chithunzicho ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga, awa ndi atate anga. Unawaona kuti?" Agogowo anamwalira ine ndisanabadwe.

Bambo anatisiya mvula yotsatira. Chithunzicho chili m'nyumba mwanga, ndipo adzukulu akachipenya amachepetsa mawu monga ankachitira pamaso pa mwini wake.